Bokosi la Zipangizo za Agogo Ako

Chintheche,
Lachisanu masana.

Wokondedwa mwana wanga Tiwonge,

Cholinga cha kalatayi ndi kukudziwitsa zimene banja lagamula pa nkhani ya bokosi la zipangizo za ukalipentala za malemu agogo ako, a Yeremiya, limene unapempha kuti upite nalo ku Dedza mawa. Nkhaniyi ikukhudza iwe, ikukhudza bambo ako aang'ono a Yotamu amene anakana pempho lako, ndiponso ikukhudza ine amene ndasunga bokosilo chimwalirireni agogo ako. Ndalemba m'Chichewa osati m'Chitonga chathu kuti mwamuna wako Pilirani awerenge yekha, asamve za m'maluwa. Chigamulo chili kumapeto, monga mwa dongosolo la kalata iliyonse yabwino. Ndimakudziwa kuti uli ndi phuma, choncho ndikukulamula kuti usalumphe masamba.

Uyambe wadziwa chimene wapempha. Agogo ako anagwira ntchito ku Bulawayo nthawi yaitali. Anzawo amene anabwerera nawo limodzi anatsika pa sitima atavala masuti, wina ali ndi njinga, wina ali ndi wailesi. Iwo anatsika ndi bokosi lakuda lolemera, loti amuna awiri amachita kugwirizana. Anthu anaseka, amvekere, "A Yeremiya atha zaka zonsezi kutheba n'kutibweretsera zitsulo!" Masuti aja anadyedwa ndi njenjete ine ndisanamalize sukulu, koma zitseko zimene agogo ako anapachika m'mudzi muno zikutsekabe mpaka lero. Zipangizozo sanagule tsiku limodzi. Sowo anaipeza atalamulidwa kudula, tchizulo anazipeza atalamulidwa kuboola, sikweya yoyezera makona anaifuna tsiku limene anapanga tebulo lopendekeka n'kudzudzulidwa pamaso pa anthu. Ankati chipangizo chimaitanidwa ndi ntchito. Ukumbukire zimenezi, Tiwonge.

Ine sindinamve msanga mawu amenewa. Nditangoyamba ntchito ya ukalaliki wosunga katundu ku esiteti ya mphira, ndinapita ku Mzuzu ndipo ndinaona munthu akugulitsa tchizulo zisanu ndi imodzi m'kachikwama kofiira, zonyezimira, zondandalikidwa kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Chimene chinandikopa ndi mndandandawo, osati chitsulo. Ndinabwera nazo monyadira. Agogo ako anatenga imodzi, anaiika pa chidutswa cha mlombwa, n'kumenya kamodzi kokha. Mlomo wa tchizuloyo unapindika ngati chivindikiro cha chitini. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Izi ukawapatse amayi ako azisendera chinangwa." Amayi anasenderadi, ndipo ankati n'zabwino. Choncho iwe ukafika ku Dedza usakathamangire kudzaza khoma. Choyamba kugula chikhale mwala wonolera, chifukwa mmisiri wa zipangizo zitatu zakuthwa amaposa wa zipangizo makumi awiri zobuntha. Makina a magetsi adzabwera nthawi yake ikakwana. Magetsi amathima, koma dzanja lako silidikira wina aliyense kuti aliyatse.

Cholakwa china ndinachichita ndili ndi ndevu kale, ndipo n'cholakwa cha anthu a kunyanja. Asodzi anandibweretsera matabwa kuti ndiwapangire thandala loyanikira usipa ndi mpando wa m'boti. Matabwawo anawatula pamchenga, ine osalabadira. Ndinawanyamula n'kuyamba kupala ndi pulena ya agogo ako. Ndinangomva kulira kwachilendo, ngati munthu wotafuna mpunga wosasankhidwa bwino. Nditatembenuza pulena, mpeni wake unali ndi mano ngati sowo. Agogo ako sanakalipe. Anandikhazika pa mwala wonolera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, iwo ali pambali akusoka ukonde, ndipo nthawi iliyonse ndikawaonetsa ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ukadali mchenga umenewo." Thabwa lililonse lolowa m'shedi mwako uzilisesa ndi burashi mbali zonse, uziliyang'ananso ngati lili ndi msomali wobisika. Ku Dedza kulibe mchenga wa kunyanja, koma kuli dothi lofiira ndi timiyala, ndipo mpeni wa pulena sudziwa kusiyanitsa. Ukamaliza kupala, pulena uziigoneka cham'mbali. Ndakuuza zimenezi kangati? Ndikukuuzanso.

Nditalandira bokosilo agogo ako atamwalira, ndinaganiza zolisamala kuposa mwini wake. Mvula isanayambe ndinakulunga chipangizo chilichonse m'pepala la pulasitiki, ndinamanga ndi mphira, n'kutseka. Ukudziwa chinyezi cha kuno, m'mene mchere umasungunukira m'botolo ndi m'mene nsapato zimachitira nguwi pansi pa bedi. Patapita miyezi itatu ndinatsegula, ndipo ndinakhala pansi. Pulasitiki anatsekera thukuta mkati, dzimbiri linali paliponse. Kachipsera kamene umakaona pa sikweya, pafupi ndi nambala yachisanu, ndi kanga, si ka agogo ako. Iwo ankangopukuta chitsulo ndi kansanza koviikidwa mu oyilo wotsala mu injini, n'kuchisiya kuti chizipuma. Ndikumva kuti kwanu kwatsopanoko kumagwa nkhungu miyezi yozizira. Kansanza kameneko kazikhala m'chitini pakona ya benchi, ndipo usatuluke m'shedi usanakagwire.

Za kakonzedwe ka shedi sindichulutsa, chifukwa unakulira mu yathuyi. Benchi yopalirapo ikhale pansi pa zenera, kuwala kuzigwera pa ntchito osati pamsana pako, ndipo kutalika kwake kufike pamene dzanja lako limathera ukaima chilili. Usayeze pa Pilirani, ndi wamtali, ndipo ntchito yake ndi yophikira alendo. Matabwa asagone pansi, chiswe sichipempha chilolezo. Pakhoma ukhome thabwa lalikulu, upachike zipangizo, ndipo chilichonse uchizungulize ndi penti kuti chikachoka chithunzi chake chizikufunsa. Misomali uisiyanitse m'mabotolo oonekera mkati. Ndikulemba izi ndili pa benchi yomweyi, ndipo fungo la mbawa likadali m'makoma. Ndikukumbukira m'mene unkatolera tizidutswa topotana totuluka m'pulena n'kudzikoleka m'tsitsi, n'kumati ndiwe mkwatibwi. Amayi ako, a NyaLongwe, ankaima pakhomo n'kunena kuti, "Bambo anu anakwatira bokosi, ine ndine mkazi wachiwiri. Tsopano ndikuona kuti bokosilo laberekanso mwana." Ine ndinkakwiya nawo mawu amenewo. Lero ndikanakonda nditawamvanso, iwe uli pansi pa benchi ndi tsitsi lako lodzaza utuchi.

Ndikuuzenso za mpando wa m'tchalitchi, ngakhale kuti anthu ena anakuuza kale mokometsera. Akulu a mpingo anandipempha benchi yoti azikhalapo kutsogolo pa tsiku la mgonero. Ndinali ndi matabwa a mbawa ochekedwa kumene, olemera ndi madzi, ndipo ndinadziwa kuti sanaume. Koma ndinali nditalemba kale m'buku tsiku lopereka, ndipo sindinafune kuti tsikulo lisinthe. Ndinapanga, ndinapaka vanishi, anthu anayamikira. Pofika mwezi wa Okutobala benchiyo inali itapotoka, mwendo umodzi uli m'malere. Mkulu wina wonenepa akakhala kumapeto, anzake atatu ankakwera, akaimirira kuti apemphere, iwo ankatsika. Ana a kwaya anavutika kwambiri kudziletsa kuseka miyezi imeneyo. Thabwa silidziwa kalendala, mwana wanga. Matabwa uziwasanja pamthunzi, timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, ndipo wofuna mpando mwamsanga umuuze zoona, adikire kapena apite kwina.

Tsopano ndafika pa nkhani imene sindinakuuzepo, imenenso ili muzu wa kukana kwa bambo ako aang'ono. Uwerenge modekha.

Agogo ako ali moyo, shedi iyi inalibe loko. Aliyense wofuna nyundo ankalowa, n'kufuula kuti, "Ada, tatenga!" ndipo iwo ankayankha ali kumunda kapena kudoko. Zina zinkabwera mochedwa, zina zobuntha, ndipo ine zinkandiwawa. Nditatenga udindo ndinagula loko wamkulu ndi buku la kaundula. Wobwereka aliyense ankalembedwa dzina, chipangizo, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza. Kiyi ankakhala m'thumba la jekete langa, ndipo ankapita kulikonse kumene ine ndinkapita. Ndinkanyadira kuti chiyambireni kaundulayo sipanasowe ngakhale kamsomali.

Chaka china, iwe usanayambe sukulu, ndinapita ku Mzuzu ku msonkhano wa alembi a mipingo wa masiku atatu. Ndili komweko, mkazi woyamba wa a Yotamu, a NyaPhiri, anamwalira mwadzidzidzi. Nthawi imeneyo mafoni a m'manja kunalibe, ndipo ogulitsa mabokosi a maliro amene ukuwaona lero pa Chintheche anali asanayambe. Mwambo unali woti amuna a m'mudzi asonkhane m'mawa n'kukhoma bokosi ndi zipangizo za a Yeremiya. Kalipentala wina yekhayo amene tinali naye anali ku Limphasa kokolola mpunga. Amuna anafika pakhomo la shedi, matabwa abwino ali mkati akuoneka pazenera, sowo ili pakhoma, koma loko ali chitsekere. Wina anabwera ndi nkhwangwa kuti athyole. Anzake anamugwira dzanja n'kumufunsa kuti, "Alembi akabwera ukawayankha chiyani?" Uganizire bwino mawu amenewa, Tiwonge. Munthu ali gone m'nyumba, mwamuna wake akulira, ndipo anthu akuluakulu khumi anaopa nkhope yanga kuposa manyazi a maliro. Mantha amenewo ndinawabzala ndine, tsiku ndi tsiku, ndi cholembera changa.

A Yotamu anangoti, "Asiyeni." Anapita kunyumba kwawo, anazula chitseko cha nyumba yawo ndi cha nkhokwe, ndipo amuna anasema ndi kasemasema ndi zikwanje, n'kukhoma ndi misomali yowongola pamwala. Uthenga unandipeza mochedwa. Ndinatsika basi masana, anthu akunyamuka kupita kumanda. Bokosilo analikuta ndi chitenje, koma mphepo inakweza nsalu, ndipo ndinaona mabowo a mahinjesi m'mbali mwake ndi mipata yoti chala n'kulowa. Dzanja langa linali m'thumba la jekete, likugwira kiyi. Pobwera kumanda ndinapita kukawagwira dzanja a Yotamu. Anandiyang'ana ndi maso ouma n'kunena kuti, "Mwafika, akulu? Zipangizo zanu zonse zilipo, palibe chasowa. Mukawerenge."

Inali nyengo ya mvula. Ndinawapangira chitseko cha mlombwa, chabwino kuposa zonse zimene ndinapangapo, koma anachibweza. Anapachika mphasa pakhomo mpaka atapeza cha kwina. Kuyambira tsiku limenelo sanapondemo m'shedi muno. Timadya limodzi, timapemphera limodzi, anandiyimira pa ukwati wako, koma pakhomo ili amalambalala. Ine sindinapepese. Ndinadziuza kuti sindinaphwanye lamulo lililonse, ndipo pa tsamba la kaundula la tsiku limenelo sindinalembepo kanthu. Ndi tsamba lokhalo loyera m'buku lonse, ndipo ndi limene ndaliwerenga kwambiri.

Phunziro lake ndi ili, ndipo ngati uiwale zonse za mchenga ndi dzimbiri, ichi chokha usaiwale. Shedi uzitseka, chifukwa akuba aliko. Koma kiyi azigona pakhomo, mwamuna wako ndi mnansi mmodzi azidziwa pamene ali, ndipo anthu a kumeneko adziwe kuti pa maliro, pa moto, kapena denga likasasuka, zipangizo zako zimatuluka osafunsa. Chipangizo chosowa chimagulidwanso. Ine ndinasunga zitsulo zonse bwinobwino n'kutaya m'bale wanga zaka zambiri.

Lero m'mawa, iwe utapita kukatsanzikana ndi anzako, tinakhala pansi pakhonde. Amene tinalipo ndi ine, a Yotamu, amayi ako, ndi azakhali ako a NyaManda amene ndi wamkulu kwa tonsefe. Ndinafotokoza pempho lako mwadongosolo, n'kupempha a Yotamu kuti anene chifukwa chokanira.

Iwo anati, "Akulu, ine ndi mwanayu sitinayambane. Koma ndi mwana wanu. Amayenda ngati inu, amasongola pensulo ngati inu. Bokosi likapita naye lingochoka m'ndende ina kukalowa m'ndende ina. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku Dedza ndi yozizira. Bola likhale pano, tizilionera pazenera monga tinazolowera."

Amayi ako anaseka mpaka kupukuta misozi, ine n'kuwayang'ana mowadzudzula, iwo osasamala. Anati, "Alamu, tandiuzani. Chitseko cha khitchini yanu chija chinkakhula pansi, munabwera kuchokera kunyanja n'kupeza chikutseka bwino, munkati achikonza ndi angelo? Nanga nyundo imene munkaipeza pansi pa mtondo wanu nthawi yokhoma denga, inkayenda yokha?"

A Yotamu anati, "Ndinkayesa ndi ana a mlongo wathuyu."

"Ana a ndani? Awo odziwa kudya okha?" anatero azakhali ako.

Ndipo amayi ako anaulula zonse. Akuti chiyambire uli ku sekondale, ine ndikavula jekete n'kupita kukasamba kapena kukagona masana, iwe unkatenga kiyi, iwo atakuimira pakhomo ngati mlonda. Akuti sowo ya agogo ako yayenda mudzi wonse uno, yapita kwa amayi amasiye, yapita kudoko, yagonako ngakhale kwa mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo inkabwerera yopukutidwa ndi oyilo ine ndisanawerenge Loweruka. Ndinawafunsa kuti, "Ndiye kuti kaundula wanga wakhala akunama?" Anandiyankha kuti, "Kaundula wanu sananame, bambo. Amalemba zimene inu mukudziwa. Kungoti n'zochepa."

Ndikuyenera kukudzudzula chifukwa chotenga kiyi mopanda chilolezo, ndipo ndakudzudzula m'chiganizo chino. Nkhani imeneyo yatha.

Pamenepo ndinaimirira, chifukwa mawu ena sayankhulidwa munthu ali pampando, ndipo ndinati, "Yotamu, m'bale wanga, a NyaPhiri anapita m'chitseko chifukwa cha ine. Ndinalakwa, ndipo ndinalakwanso posanena." Kenako anati, "Zaka zonsezi mumafunafuna tsamba loti mulembepo zimenezi?" Ndinati inde. Anati, "Yewu, akulu. Ndamva. Khalani pansi, mawondo anuwo si a mnyamata."

Chigamulo cha banja ndi ichi. Bokosi la agogo ako upita nalo ku Dedza, pamodzi ndi pulena, tchizulo zonse, sikweya, chiboolero ndi sowo yaing'ono. Ndi lako, ndipo palibe adzakufunse kuti ubweze. Sowo yaikulu, nyundo, kasemasema ndi pulena imene ndinagula ine zitsala kuno kuti zizitumikira mudzi, ndipo woziyang'anira kuyambira lero ndi a Yotamu, mwa njira imene iwo aone kuti ndi yoyenera, ine osalowererapo. Iwo aikapo mfundo imodzi yokha, yoti aliyense wogogoda pakhomo pako ndi uthenga wa maliro asabwerere chimanjamanja, ngakhale atakhala munthu amene sunamuonepo. Ndawalonjeza m'malo mwako, ndipo sindikukayika. Anenanso kuti bokosilo alikweza okha pa njinga yawo mawa kukafika nalo kumsewu, ndipo akana thandizo langa.

Ogwirizana ndi chigamulochi ndi azakhali ako a NyaManda, amayi ako a NyaLongwe, bambo ako aang'ono a Yotamu, ndi ine. Wotsutsa panalibe.

Mulungu akutsogolere, iwe ndi Pilirani.

Ndine bambo wako.